Mwezi Umene Apongozi Anga Anauona Okha

Inu owerenga, ine ndine munthu uja amene simungamugulitse kanthu pa mtengo umene mwatchula poyamba. Ndikhoza kuinenerera nkhuku yanu mpaka inu eni ake muyambe kukayika ngati ilidi nkhuku. Luso limeneli landidyetsa moyo wanga wonse, koma ndi lomwelinso linandichititsa chinthu chimene sindingathe kuchikonza. Ndinavula ulemu munthu wamkulu amene sanandilakwirepo, bambo a mkazi wanga, ndipo ndinachita zimenezi ndikudziyamikira mumtima kuti ndine wochenjera. Ndikuuzani mmene zinayendera, mwina wina atolapo kanthu nthawi ikadalipo.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu kuno ku Mecanhelas kuchokera ku Malawi kumene tinathawira. Anzanga anabwera ndi malata, ena mbuzi, ena makasu opatsidwa kumsasa. Ine ndinabwera ndi pakamwa panga ndi kamera yakale. Ndinakhazikika pa Entre Lagos, kufupi ndi njanji. Masiku amenewo aliyense ankafuna kachithunzi ka pa bilyete, chiphaso chija cha boma, ndiye ndinkakoloweka nsalu yoyera pakhoma la loja, sitolo ya mnzanga, n'kumajambula anthu atakwinya nkhope ngati akupita kukhoti. Filimu ndinkapatsira anthu a pa komboyo, sitima ya pa njanji ija, kuti akanditsukitsire ku Malawi. Kwinaku ndinkagula ndi kugulitsa chilichonse chimene chadutsa pamaso panga, ndipo njira yanga inali imodzi: gula chinthu chathunthu, chiphwasule, gulitsa chidutswachidutswa. Njinga yophwasula imabweretsa zambiri kuposa njinga yoyenda. Wailesi chimodzimodzi. Ndinkati palibe chinthu padziko lino chimene sichingagawike.

Ndinakwatira kunyanja ku Chiuta, mwana wa Che Amidu, ndipo ndinalowa Chisilamu. Ndisakunamizeni, ndinalowera mkazi, zinazo zinabwera pambuyo. Che Amidu sanali shehe ndipo sanali wolemera. Chuma chawo chinali maso. Nthawi ya nkhondo iwo sanathawe. Anabisala m'mabango ndi mabanja ochepa, opanda wailesi, opanda kalendala. Zaka zonsezo anthu ankadziwa kuti Ramadani yayamba kapena yatha chifukwa Che Amidu akwera pachulu, ayang'ana kumadzulo, anena kuti mwezi wakhala. Akanena iwo, palibe ankafunsanso. Munthu wosadziwa kulemba dzina lake, koma mawu ake ankatseketsa miphika ya mudzi wonse n'kuitsekulitsanso.

Mtendere unabwera ndi zake. Obwerera anabwera ndi mawailesi, ndiponso anyamata amene anaphunzira za chipembedzo kunja kuja. Iwo ankati masiku ano kuli bwino kudikira zimene wailesi inene, osati kudalira diso la munthu mmodzi. Sankanena mwachipongwe, komabe aliyense ankadziwa chimene akutanthauza, poti maso a Che Amidu anali atayamba kuchita ng'ala. Ankandizindikira ndi mawu ndisanafike pafupi, nkhope ankaiona mochedwa. Mkuluyo sankadandaula pagulu. Koma mkazi wanga ankandiuza kuti madzulo ena amaima kuseri kwa nyumba, kutseka diso ili, kutseka linalo, kuyesa ngati lilipo limene latsala.

Ndiye kunali mzungu wina amene ankayang'anira okumba mijigo m'midzi ya obwerera. Ntchito yake itatha anayamba kugulitsa katundu wake asanakwere komboyo. Ine nkhani zotere zimandipeza ndisanazifune. Pakati pa mipando ndi mapoto panali chipaipi choyera, chotalika ngati mkono wonse ndi theka, chokhala ndi magalasi mkati. Anthu ankachilambalala, ena akuti ndi bazuka. Mzunguyo anati ndi telesikopu, choonera mwezi ndi nyenyezi, ndipo anandionetsa kamphete kachitsulo kolumikizira kamera kumbuyo kwake kuti munthu ajambule zimene akuonazo. Mutu wanga unayamba kale kuwerengera: anthu olipira kuti asuzumire, zithunzi za mwezi zogulitsa kwa aphunzitsi kuboma ku Insaca.

Chipaipicho chinali ndi pokhalira pake. Miyendo itatu yachitsulo, yolemera moti kunyamula unkachita kupumira. Pamwamba pa miyendoyo panali mutu wachitsulo wa timagudumu tiwiri totembenuza ndi zala, ndipo pambali pankalendewera chitsulo chozungulira ngati mwala woperera. Mzunguyo anandifotokozera m'Chipwitikizi chake chothyokathyoka kuti chitsulocho chimalinganiza kulemera kuti paipi isagwere mbali imodzi, ndipo timagudumuto ndi totsatira nato mwezi pang'onopang'ono, chifukwa kumwamba kumayenda. Anagogoda miyendoyo ndi chala n'kunena kuti chofunika kwambiri ndi ichi, paipi ndi yachiwiri. Ine ndinangogwedeza mutu. Wogulitsa aliyense amayamikira chimene akuopa kuti chitsalira, inenso ndimatero. Ndinamunenerera mpaka anatuluka thukuta, ndinatenga zonse, ndipo sabata isanathe ndinali nditaphwasula.

Miyendo ndinagulitsa kwa wowotcherera zitsulo amene anaidula n'kupangira makaliyala a njinga. Chitsulo chozungulira chija anatenga msodzi wina kuti chikhale nangula wa bwato. Mutu uja ndinamukakamiza mwini chigayo, ndikumulumbirira kuti timano take tidzamuthandiza tsiku lina. Pomaliza paipi inali ngati ndaitola ulere, ndipo ndinayenda pa Entre Lagos chifuwa chili patsogolo. Kalipentala anandikhomera miyendo itatu ya bulugama, pamwamba ndinaikapo foloko ya njinga, paipi ndinaimangirira ndi malegeni. Ndinkauza anthu kuti azungu amakonda kulemetsa zinthu popanda chifukwa.

Masana chinkagwira ntchito ndithu. Munthu ankaona mbuzi ili kutsidya kwa malire, kapena mkazi wa mnzake akuchokera kumene sananene kuti apita. Phiri silithawa, mbuzi ikasuntha umangokankha paipi. Pa mwezi ndi pamene ndinaona kachilendo. Ukaupeza, usanamuitane n'komwe mnzako, wayamba kale kutsetsereka kutuluka m'galasi. Ukati ukankhe pang'ono, legeni limakoka, paipi imadumpha, mwezi uja wapita. Kamphepo kakangodutsa, chilichonse chimavina. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa, inu owerenga, sindinganene kuti sindinachenjezedwe. Koma mwezi wathunthu ndi waukulu, umapezekanso msanga, ndiye ndinkangoseka n'kumati ukuchita manyazi.

Tsiku lina ndinapita nacho ku Chiuta pa njinga kukaonetsa akuchikazi. Kunali pakati pa Ramadani, mwezi uli wathunthu. Titamasula kudya ndinawagwira dzanja Che Amidu n'kuwaika diso pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, ine nditagwirizira paipi ndi manja onse awiri kuti isanjenjemere. Atadzuka, mawu awo anali ena.

"Akamwini, kodi kameneka kangaonenso mwezi wakhanda?"

Munthu woona mtima akanati sindikudziwa. Ine pakamwa panga sipadziwa mawu amenewo. Ndinati kangaone ngakhale mwezi umene sunaganize n'komwe zobadwa, ndipo ndidzaujambula kuti anyamata a mawailesi aja akhale ndi choyang'ana. Mkuluyo anaseka, chinthu chimene sankachita kawirikawiri ndi ine. Mawa lake anakauza anthu kumzikiti kuti chaka chino akwera pachulu monga kale.

Muyenera kudziwa mmene mwambo wake ulili. Kusala kumatha mwezi watsopano ukaoneka, ndipo pamafunika mboni ziwiri, amuna odalirika, onena kuti auona ndi maso awo. Ukapanda kuoneka, anthu amasala tsiku lina limodzi kukwanitsa makumi atatu. Mwezi wakhandawo ndi kaulusi chabe, kamaoneka dzuwa litangolowa, pafupi ndi pamene lalowerapo, ndipo sikachedwa kulitsatira. Ndi kanthawi kochepa zedi, ukati uthamangire kunyumba kukatenga chikofiya ubwera katapita.

Madzulo akewo tinakwera pachulu cha kuseri kwa mzikiti. Anthu anabwera ambiri kuposa zaka zonse, ena kudzaona mwezi, ambiri kudzaona bazuka ya mkamwini wa Che Amidu. Kumadzulo kunali mitambo, kupatula kampata kamodzi pamwamba pa mapiri a ku Malawi. Amaso akuthwa onse anayang'ana, osaona kanthu, poti kunali kachifunga ka utsi wa moto wolusa. Che Amidu sanayang'ane n'komwe. Anangotambasula dzanja, kuyeza ndi zala kuchokera pamene dzuwa linalowera, n'kundiuza kuti ndiloze apo. Ndinasesa ndi paipi uku ndi uku, miyendo ya bulugama ikulira pa dothi la chulu. Kenaka ndinauona. Kaulusi koyera, kopindika, kowonda kuposa chikhadabo chowengedwa. Ndinauona ine, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimauona.

Ndinawakoka mkuluyo mwamsanga. Anaika diso, anapuma kamodzi, kenaka anatamanda Mulungu mokweza n'kunena kuti mwezi wakhala. Amayi amene anali m'munsi mwa chulu anayamba nthungululu.

Panali bambo wina dzina lake Che Daudi, wophunzitsa ana kumadarasa. Anali wa mbali ya mawailesi, koma munthu wachilungamo, woti akanaona akananena. Iyeyo ndiye anayamba kukwera kuti akhale mboni yachiwiri, atakwinya kanzu, mkanjo wake uja, m'manja. Anatsala pang'ono kufika. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandidzutsa m'tulo. Ndinaganiza za chithunzi. Ndinaganiza za mmene chidzayendere malonda, mwezi wa Idi wojambulidwa pa Chiuta pomwe. Ndinatambasula dzanja n'kumuimitsa.

"Dikirani pang'ono, Che Daudi, ndijambule kaye. Mwezi suthawa."

Ndinachotsa kagalasi koyang'anira, ndinamangirira kamera ndi kamphete kaja. Kamera yanga inali yachitsulo, yolemera ngati njerwa. Kungoisiya, kumbuyo kwa paipi kunatsika, kutsogolo kunaloza kumwamba. Panalibe chitsulo cholinganiza kulemera, chinali pansi pa madzi chikugwira bwato la munthu. Ndinaikweza ndi dzanja, ndinadina, paipi inagwedezeka. Ndinadinanso, legeni limodzi linatamuka, foloko inapotoka. Ndinadina kachitatu osadziwa n'komwe chimene ndaloza. Pamene ndinkachotsa kamera kuti ndibwezeretse kagalasi, mwendo umodzi wa bulugama unaterereka pachulu. Che Daudi anawerama, anayang'ana, anayang'ananso. Ndinasesa kumwamba konse ngati wotaya singano mumchenga. Che Amidu ankangoti apo, akamwini, pomwe paja. Pomwe paja panalibe, chifukwa kumwamba kunali kutasuntha ndipo ine ndinalibe timagudumu totsatira nato. Mtambo unatseka kampata kaja, kenaka mdima.

Che Daudi anadzuka n'kunena modekha kuti iye sanaone kanthu, ndipo sanganene chimene sanaone.

Ndinalumpha ine kuti ndikhale mboni. Ndinalumbira kuti ndauona. Inu owerenga, mawu oona amene ndinanena ndi mtima wanga wonse pagulu ndi amenewo, ndipo anthu anaseka. Mwini chigayo uja analipo. Anafunsa ngati ndi kulumbira komwe kuja ndinalumbira pomugulitsa chitsulo chimene mpaka pano akutsekera chitseko. Wina anakumbutsa za mabatire amene ndinati ndi atsopano. Akuluakulu sanaseke, anangoti umboni wa mkamwini wofuna kusangalatsa apongozi ake, amenenso ndi mwini makinawo, ndi wovuta kuulandira. Sindinawaimbe mlandu. Inenso ndikanakhala iwo sindikanadzikhulupirira.

Anatsegula wailesi. Inati mwezi sunaoneke kulikonse, anthu asale tsiku lina.

Mudzi wonse unasala mawa lake, kupatula munthu mmodzi. Che Amidu anati iwo auona, ndipo munthu amene wauona sangasale tsiku la Idi ngakhale atakhala yekha. Sanachite mwachionetsero, anangomwa madzi m'nyumba mwawo. Koma atafunsidwa kumzikiti ngati akusala, anayankha kuti ayi, poti bodza sankalidziwa. Nkhani inayenda mpaka ku Insaca. Ena ankati mkulu uja anaona ng'ala yake yomwe m'galasi. Ena ankati njala inamukulira. Munthu amene anasunga Ramadani ya anthu m'mabango, zipolopolo zikulira, ankatchulidwa tsopano ngati nkhalamba yosapirira ludzu.

Che Amidu anali ndi chiyembekezo chimodzi: chithunzi. Filimu ndinaitumiza pa komboyo, ndipo inachedwa monga mwa masiku onse. Ndikafika ku Chiuta, moni usanathe, funso linali lomwelo, kodi chabwera. Ine ndinkadziwa mmene paipi inagwedezekera, koma ndinkadzinamiza kuti mwina chimodzi chagwira.

Zitabwera ndinazitsegulira pa sitesheni pomwepo. Ziwiri zinali zakuda bii. Chinacho chinali ndi kamzere kotuwa, kokhotakhota ngati nyongolotsi yopondedwa, pakona penipeni. Unali mwezi, ine ndikudziwa kuti unali mwezi, koma ukanatha kukhalanso tsitsi logwera pa filimu. Ndinaganiza zong'amba n'kunena kuti filimu inatayika. Bwenzi zili bwino. Koma ndinapita nacho.

Che Amidu anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, anachitembenuza. Sankaona kanthu, maso awo sakanatha. Anandifunsa ngati ukuoneka. Mkazi wanga anali pakhomo akundiyang'ana. Ndipo pakamwa paja, pamene pazolowera kusalola kasitomala kuchoka wokhumudwa, panayankha pokha. Ndinati ulipo, bambo, kungoti umafuna woyang'anitsitsa.

Lachisanu mkuluyo anachikulunga m'kansalu n'kupita nacho kumzikiti. Ndinamva atanyamuka kale, ndinathamanga, ndinapeza mapemphero a swala atha ndipo chithunzi chikuyenda m'manja mwa anthu. Palibe anaseka. Bola akanaseka. Aliyense ankachiyang'ana, kuyang'ana mkuluyo amene anakhala tsonga kudikira, n'kupatsira mnzake mwakachetechete. Chitazungulira, Che Daudi anachikulunganso bwinobwino, anachiika m'manja mwa Che Amidu ndi manja awiri, n'kuwafunsa za mmene mwendo wawo ukupezera. Mkuluyo anamva. Munthu wosaona bwino amamva kukhala chete kwa anthu kuposa ife.

Pobwerera ndinkayenda pambuyo pawo. Titatsala pang'ono kufika, anaima osatembenuka.

"Akamwini, mukanandiuza kunyumba konkuno."

Sanawonjezerepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ndinayesa kukonza, musaganize kuti sindinayese. Wowotcherera uja anandionetsa njinga zitatu zimene zinanyamula miyendo yanga. Msodzi anati chingwe chinaduka, chitsulo chili m'matope. Mwini chigayo anakana kundibwezera mutu uja pa mtengo uliwonse, akuti akufuna azindikumbukira. Ndinaumba chipilala cha simenti, ndinafunsa kwa amalonda a ku Cuamba, ndinalembera ngakhale munthu wina ku Nampula. Chaka chotsatira ndinali ndi pokhalira polimbako ndithu. Ndinapita kukawauza apongozi kuti ulendo uno sipagwedezeka. Anandithokoza mwaulemu n'kunena kuti maso atha, ndipo ngakhale akanakhalapo, munthu sanena kawiri mawu amene anthu anawabweza. Kuchulu sanapitenso.

Anamwalira mvula ya chaka china. Pamaliro anthu ananena zabwino zambiri, za m'mabango, za kupirira kwawo. Za mwezi uja palibe anatchula, ndipo ndinadziwa kuti akuwachitira chifundo, akubisa chimene iwo akuchiyesa manyazi a malemu. Ndinafuna kuimirira n'kunena kuti anthu inu, munthuyu ananena zoona. Koma mawuwo akanatuluka pakamwa pa yani? Mboni yokhayo imene Che Amidu ali nayo padziko lapansi ndine, ndipo ine ndi amene palibe angandikhulupirire.

Tsono inu owerenga, makamaka achinyamata amene masiku ano mukugula zoonera kumwamba ndi kumafuna kujambula mwezi, ndimvereni ine wopusa wochenjera. Musathamangire kukula kwa paipi kapena kuwala kwa galasi. Yambani mwagwira miyendo. Igwedezeni, ikankheni, kolowekanipo kamera yanu muone ngati mutu ukugwa. Funsani ngati chingatsatire mwezi mofatsa osadumpha. Chikalemera, musadandaule, kulemerako ndiye ntchito yake. Ngati ndalama sizikukwana zonse ziwiri, gulani paipi yaing'ono pa miyendo yolimba, osati paipi yaikulu pa timitengo. Ndipo chinthu chimene simukudziwa ntchito yake musachigulitse chifukwa choti wina wachifuna.

Chinanso ndi ichi, ndipo ndi chachikulu. Munthu wamoyo akamabwera kudzaona, mupatseni mpata aone, chithunzi chidikire. Komanso samalani ndi malumbiro amene mumamwaza pamsika pa zinthu zazing'ono. Ine ndinkayesa kuti ndi aulere. Linafika tsiku limene ndinafuna limodzi lokha loti ligwire ntchito, la munthu amene ankalifunitsitsa, ndipo ndinapeza kuti ndinawatha onse pogulitsa mabatire.